Masupuni Pachitseko cha Nari

1

Ndinamuchenjeza. Zimenezi mulembe poyamba penipeni, aphunzitsi, kuti owerenga asadzanene kuti ine, Pak Ok-bun, ndinatchera munthu msampha mwakachetechete. Ndinamuchenjeza masanasana, m'khitchini mwanga, manja anga ali psuu ndi tsabola.

"Chitseko chija usakachikhudzenso," ndinatero. "Ukakachikhudza, chidzatsegulidwa, ndipo sudzakonda amene adzatsegule."

Anaseka, n'kupitiriza kudya. Dzina lake ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Ine ndili ndi zaka 78. Ndinabadwira kuno ku Haenam, pakati pa minda ya kabichi, ndipo ndidzafera konkuno. Alongo anga anapita kusukulu, ine ndinkatsala ndi mwana kumsana. Nkhaniyi akundilembera ndi aphunzitsi a sukulu ya kwacha, ine ndikungoyankhula.

Mudzi wonse umandidziwa ndi machenjezo. Osagona fani ikuzungulira mawindo ali otseka. Osalemba dzina la munthu wamoyo ndi inki yofiira. Osakwera basi imene dalaivala wake akuyasamula. Mnzanga Mal-ja, wa nyumba yoyandikana nane, amanditcha wailesi ya ngozi.

"Iwe Ok-bun," amatero, "tsiku limene udzafe udzadzuka m'bokosi kutichenjeza kuti tisapunthwe ponyamula."

Aseke. Ana amene ndinawachenjeza onse ali moyo. Koma pali chenjezo limodzi limene ndinapatsidwa ine, n'kuliponya kunkhongo, ndipo linatsala pang'ono kundidyera mdzukulu.

2

Mdzukuluyo ndi Nari, mwana wa mwana wanga mmodzi yekhayo, Man-ho.

Man-ho anali munthu wabwino mpaka botolo lachiwiri. Akafika lachitatu, mkazi wake ankadziwa kuti mawa sapita kumsika chifukwa cha nkhope. Tsiku lina, Nari ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mkaziyo anathawa kudutsa m'munda, magazi ali chuchuchu, ndipo sanabwererenso. Man-ho anayamba kufunafuna mwana.

"Mayi ake akamva kuti mwana akulira, abwerera okha!" ankakuwa choncho.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli mitsuko ikuluikulu makumi awiri, yosungiramo nsuzi wa soya ndi kimchi, kabichi wathu wosasitsa ndi mchere ndi tsabola. Umodzi unalibe kanthu. Ndinamunyamula Nari, kumuika m'menemo, n'kuvindikira.

"Usatsokomole, usalire, mpaka ndidzakuitane ine."

Man-ho anatuluka ndi supuni m'manja. Sanathamange. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mitsuko, akugogoda chivindikiro chilichonse katatu. Ngo, ngo, ngo. Ndipo ankafunsa ndi mawu okoma, ngati bambo amene akusewera chibisalirano ndi mwana wake:

"Nari-i, uli mumtsuko uti?"

Ine ndinakhala pamwamba pa chivindikiro cha mtsukowo, n'kumasenda adyo ngati palibe chikuchitika. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinasenda adyo mpaka zala zinatuluka magazi. Anthu a m'mudzi atabwera ndi apolisi, ndinatsegula mtsuko n'kupeza mwana atadziluma dzanja mpaka mnofu, kuti asalire.

Man-ho anakhala kundende zaka zitatu chifukwa cha zimene anamuchita mkazi wake. Atatuluka anapita kukagwira ntchito m'sitima zogwira nsomba kunyanja zakutali. Nari ndinamulera ine. Anakula bwino, wanzeru, koma mpaka lero sadya ndi supuni yachitsulo. Amayenda ndi yake yamtengo m'chikwama.

3

Atamaliza maphunziro anapeza ntchito mushopu ya magalasi a maso ku Incheon. Malipiro ake oyamba anandigulira magalasi abwino, a felemu yofiirira.

Inu mukudziwa kuti Novembala akafika palibe agogo amene amagona tulo mdzukulu wake asanalandire katoni ya kimchi. Za m'sitolo zija si chakudya, ndi kabichi wodwala. Choncho Nari anandilembera adilesi yake pakapepala, n'kukapinda bwinobwino.

"Agogo, kapepalaka muzionetsa akalaliki a ku positi ofesi okha, akulembereni pakatoni. Wina aliyense ayi. Mwamva?"

"Ukuchenjeza ine? Ine amene ndinakuphunzitsa kutseka chitseko kawiri?"

Zaka zinadutsa mwamtendere. Anapeza chibwenzi, Dong-ha, mphunzitsi wa masamu, wamanyazi, wa makutu akuluakulu. Anabwera naye kuno. Mal-ja anamuzungulira ngati akugula ng'ombe.

"Makutu amenewa ndi a mwamuna womvera," anatero. "Mugwire, Nari, asanaonedwe ndi ena."

Kenaka, Disembala wina, foni inalira ndikuchapa.

"Agogo." Mawu ake anali ang'ono, a mwana wa mumtsuko uja. "Wina wagogoda pachitseko changa katatu. Sindinatsegule. Nditatuluka, ndapeza supuni pansi."

"Ana a anthu oyandikana nawo amenewo."

"Bambo ali kuti?"

"Kunyanja. Udziwa kale."

Kamera ya panyumbayo inaonetsa mwamuna wovala chipewa ndi masiki, jekete yakuda. M'nyengo yachisanu theka la amuna a mumzinda amaoneka choncho. Apolisi analemba, n'kulonjeza kuti azizungulira. Nari anasamukira ku Suwon. Anabwera kudzandipatsa kapepala katsopano.

Mwezi wa Epulo ndinamutumizira ndiwo zamasamba zoyamba kuphuka. Patangopita masiku anayi, foni.

"Wandipezanso. Nthawi ino wayankhula. Wanong'ona pachitseko kuti, uli mumtsuko uti."

Ndinakhala pansi. Ndiye ndinafunsa funso limene ndidzayankhe tsiku lomaliza.

"Nkhani ya mtsuko unauzapo ndani?"

"Dong-ha yekha."

"Nanga nyumba yatsopanoyo anakunyamulira katundu ndani?"

"Agogo, Dong-ha sangachite zimenezo."

"Amuna ofatsa ndi amene amaopsa. Akufuna uchite mantha, uthamangire kwa iye, akukwatire msanga. Ndinakuuza kuti usamaulule zakukhosi kwa mwamuna musanalowe m'banja."

Nari wandikhulupirira moyo wake wonse. Anathetsa chibwenzi. Dong-ha anakwera basi maola asanu, atanyamula bokosi la mapeyala, n'kugwada pabwalo langa.

"Agogo, ndalakwa chiyani? Ndiuzeni, ndikonze."

Sindinatsegule chitseko. Mapeyalawo anadya Mal-ja, akundiyang'ana cham'mbali.

"Ok-bun, mnyamata uja walira ngati mwana. Ukutsimikiza?"

"Idya mapeyala, usiye za eni."

4

Nari anasamukanso, ulendo uno ku Ansan. Anasintha ntchito, anasintha nambala, anameta tsitsi. Chilimwe chonse kunali zii. Ndinayamba kupuma, n'kumadziuza kuti zatha zokha.

Novembala anafika. Ndinakonza kimchi. Katoni inapita.

Patatha sabata Nari anasiya kuyankha foni. Tsiku loyamba ndinati ali kuntchito. Lachitatu ndinavala jekete, kutenga kapepala, n'kukwera basi yam'mawa. Ku Ansan ndinaonetsa kapepalako kwa woyendetsa takisi, n'kumuuza kuti ndaiwala magalasi.

"Si awo mwavalawo, agogo?"

"Awa ndi oonera patali. Yendetsa."

Pachitseko sindinagogode. Ndinaitana.

"Nari, ndi ine. Tuluka tsopano."

Panapita nthawi chitseko chisanatseguke. Anali ataonda, milomo itang'ambika. Makatani onse otseka. Bedi linali loyalidwa bwinobwino, losagonedwapo. Bulangete, pilo ndi botolo la madzi zinali m'kabati ya zovala. Mayi wa zaka 29, wodziwa kuyeza maso a anthu ndi makina, ankagona atadzipinda m'kabati, chitseko chake atakoka.

Dzanja lake lamanzere linali ndi zipsera zatsopano za mano.

"Si Dong-ha," anatero. "Dong-ha sadziwa kuno. Agogo, mwina ndapenga. Mwina ndimaziika ndekha."

Anatsegula dilowa n'kutulutsa masupuni atatu, kuwayala patebulo. Anali a mkuwa, akale, olemera. Ndinatembenuza imodzi. Kuseri kwa chogwirira kunali kamtanda kokandidwa ndi msomali.

Kamtandako anakanda ndi apongozi anga, zaka makumi asanu zapitazo. Nawonso sankatha kulemba, ndiye chimenecho ndicho chinali dzina lawo, kuti masupuni athu asasokonekere pamaliro ndi paukwati. Analipo khumi. M'khitchini mwanga munatsala asanu ndi awiri.

Musaganize kuti ndinadabwa. Ndinali nditawawerenga kale masupuniwo mu Epulo, tsiku lomwe lija, ndisanatchule dzina la Dong-ha.

5

"Khala pansi, Nari. Bambo ako sali kunyanja."

Man-ho anali atabwerako zaka ziwiri m'mbuyomo. Anafika pakhomo panga ataonda, tsitsi lili mbuu, mano ena palibe. Anagwada, mphumi kugunda pansi. Anati mowa anasiya. Anapeza ganyu yodula kabichi kumudzi wa kutsidya, ndipo Lachiwiri lililonse ankabwera kudzadya, kulowera khomo la kuseri kuti Mal-ja asamuone. Anandikonzera denga. Ankanditikita mawondo. Za Nari sankafunsa n'komwe, ndipo ine ndinati munthuyu wachira.

Tsopano za positi ofesi. Zaka zonse ankandilembera ndi kalaliki wachikulire amene ankandidziwa. Ankangotenga kapepala osafunsa. Atapuma pantchito panabwera mtsikana, waulemu ndithu, amene anandipatsa cholembera anthu ali pamzere.

"Lembani apa, agogo."

"Ndaiwala magalasi."

"Mwavala, agogo," anatero akumwetulira. Kumbuyo kwanga wina anaseka.

Ndinanyamula katoni yanga, makilogalamu khumi, kubwerera nayo kunyumba. Linali Lachiwiri. Man-ho anandipeza ndikulira pafupi ndi katoniyo.

"Amayi, mpaka kulira? Mwana wanu ndilipo. Bweretsani kapepalako."

Analemba zilembo zokongola, zoongoka. Mawa lake ndinakaiponya katoniyo pakauntala mutu uli m'mwamba. Ndicho chimene ndinagulitsira mdzukulu wanga: kuti mtsikana wa ku positi asandisekenso.

Koyamba sindinadziwe kuti wogogoda uja ndi iye. Kachiwiri ndinadziwa, koma nditamufunsa analumbira pa manda a bambo ake, ndipo ine ndinasankha kukhulupirira, chifukwa ndikanapanda kutero akanabwerera kundende. Kachitatu ndinabisa kapepala m'thumba la mpunga, ndinapita ndekha ku positi ndi manyazi angawo. Koma katoni ikapita amakupatsa kalisiti, ndipo ine ndinakasiya pawindo. Sindinkadziwa kuti pakalisitipo palembedwa adilesi. Ndikanadziwa bwanji?

Zonsezi ndinamuuza Nari. Sanalire. Anangondiyang'ana.

"Munakhala pa chivindikiro tsiku lija," anatero pang'onopang'ono. "Ndinkamva fungo la adyo. Moyo wanga wonse, ndikachita mantha, ndimakumbukira fungo limenelo. Ndiye ndinu amene mwamutsegulira?"

"Ndine."

"Ndipo Dong-ha?"

"Ndinanama."

"Tulukani m'nyumba mwanga."

"Ndituluka. Koma vala nsapato, tipite kupolisi kaye. Ukatero undithamangitse."

Wapolisi amene anatilandira anali mayi wa tsitsi lalifupi. Anamvetsera mpaka kumapeto, masupuni ali patebulo.

"Agogo, mukudziwa kuti mukuneneza mwana wanu?"

"Ndinamubereka ndine. Ukuganiza kuti ndamusokoneza ndi wina?"

Anati akapempha chikalata cha khoti chomuletsa kuyandikira Nari, koma kuti munthu wobisa nkhope amavuta kumugwira ngati sanapezeke pakhomo penipeni. Nari anapita kukakhala kwa mnzake wa kuntchito. Ine ndinapempha nambala yotsegulira chitseko chake. Manambala ndimawadziwa, ndagulitsa kabichi zaka makumi anayi.

6

Lachiwiri Man-ho anabwera monga mwa masiku onse. Ndinamuphikira nsuzi wa nsomba umene amaukonda. Ndinali ndikusakaniza tsabola wa kimchi yomaliza pamene ndinamuuza mawu aja, akuti chitseko chija asakachikhudzenso.

Poyamba anakana. Kenaka anaona kuti kukana kulibe ntchito, ndipo nkhope yake inasintha n'kukhala ija ya pakati pa mitsuko.

"Ndi mwana wanga. Munandibisira kamodzi, amayi. Ndikungofuna atuluke yekha, andipatse moni ngati bambo ake."

"Ndapita kupolisi."

Apa ndi pamene anaseka.

"Inu? Mukasaina bwanji, ndi kamtanda? Amayi, mwandibisa zaka ziwiri. Mwathamangitsa mphunzitsi uja chifukwa cha ine. Simungandipereke. Onjezerani mpunga."

Ndinamuonjezera. Atachoka ndinawerenga masupuni. Asanu ndi imodzi.

M'mawa mwake ndinauza Mal-ja zonse, n'kumusiyira makiyi ndi galu.

"Chitsiru cha nkhalamba," anatero, misozi ili m'maso. "Ndinadya mapeyala a munthu wosalakwa chifukwa cha iwe. Tenga mpango uwu, ku Ansan kukuzizira."

Ndinakhala m'chipinda cha Nari masiku atatu, makatani otseka. Wapolisi uja anandipatsa kachipangizo konga wotchi, kokhala ndi batani limodzi, n'kunena kuti anzake sakhala patali.

"Akabwera, dinani apa, ndipo musatsegule. Mwamva, agogo? Musatsegule."

Loweruka, cha m'ma 2 koloko masana, ndinamva mapazi pamasitepe. Mayi amadziwa mapazi a mwana wake. Anaima. Kenaka chitsulo pachitseko. Ngo, ngo, ngo.

"Nari-i, uli mumtsuko uti?"

Ndinadina batani. Ndinamva akuika supuni pansi, ndipo ndinadziwa kuti akatsika masitepewo asowanso pakati pa zipewa ndi masiki, Nari n'kubwerera m'kabati. Ndinatsegula.

"Mumtsuko uno muli amayi ako."

Anaima ngati mtengo. Ndinamukoka masiki, n'kumugwira kolala ndi manja onse awiri, kumutembenuzira ku kamera ya pakhonde.

"Yang'ana uko! Aone nkhope imene ndinabereka!"

"Ndisiyeni, amayi! Mwapenga?"

"Man-ho, mwana wa Pak Ok-bun, wa ku Haenam!" ndinakuwa, zitseko za anthu zikutseguka. "Zaka 54! Ndi ameneyu!"

Manja amene anyamula kabichi moyo wonse sasiya msanga. Anandimenya kumaso, magalasi amene Nari anandigulira aja n'kusweka. Sindinasiye. Anandikankha, ndinagwera pamasitepe, chiuno n'kuthyoka, koma ndinagwa ndi jekete yake m'manja, chikwama ndi chiphaso chake zili momwemo. Apolisi anakumana naye pageti.

7

Kukhoti ndinapita panjinga ya olumala. Woweruza anandiuza kuti lamulo limalola mayi kukana kuchitira umboni mwana wake.

"Ndakhala chete mokwanira," ndinayankha. "Funsani."

Kuno kumudzi ena samandipatsanso moni. Kunyumba yochezera okalamba ndikalowa, nkhani imaduka. Mayi wina anandinong'oneza kuti mkazi wopereka mwana wake wamwamuna yekhayo sadzakhala ndi womuikira mpunga pa tsiku lokumbukira imfa yake. Ndinamuyankha kuti ndikafa sindidzamva njala, koma Nari ali moyo ndipo akufunika tulo.

Dong-ha ndinamupepesa pafoni. Anamvetsera mwaulemu, n'kundifunira kuchira msanga. Anakwatira wina chaka chatha. Chimenecho sindingachikonze.

Nari anabwera kuchipatala kamodzi. Anaika magalasi atsopano pabedi, osakhala pansi.

"Ndasamuka," anatero. "Adilesi..."

"Usandipatse. Ngakhale ndilire, usandipatse."

Lero sindidziwa kumene mdzukulu wanga amakhala. Novembala akafika amabwera yekha pagalimoto, kudzatenga kimchi. Sagona kuno. Chaka chino anakhala mpaka tinadyera limodzi, ndipo anandiuza kuti tsopano amagona pabedi. Sindinapemphe zoposa pamenepo.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, ndakhala ndikuchenjeza anthu za fani, za inki, za madalaivala, pamene ngozi yeniyeni ndinkaiphikira nsuzi Lachiwiri lililonse. Mwana wanu akakuuzani kuti wina akumulondola, musayambe ndi kuloza alendo. Yang'anani kaye amene mumamubisa kukhomo la kuseri. Ndipo ngati pali chinthu chimene simuchidziwa, nenani pamzere pomwepo, aseke amene akuseka. Za kunama kwanga mundiweruze mmene mungafunire, ndikuvomera. Koma za chitseko chija musandipemphe kulapa. Mawa nditachipezanso, ndingachitsegulenso.

Man-ho anamugamula zaka zinayi. Palibe amene amakamuona. Mwezi uliwonse amanditumizira kalata, zilembo zokongola zija, zoongoka. Kusukulu ya kwacha ndaphunzira kulemba dzina langa ndi la Nari, basi, ndiye za m'makalatamo sindizidziwa. Aphunzitsi anadzipereka kuti andiwerengere, ndinakana. Mal-ja akuti mwina akupepesa. Mwina. Mwinanso akufunsa adilesi.

Makalatawo ndimawaponya osatsegula mumtsuko uja wopanda kanthu, kuseri kwa nyumba, n'kuvindikira. Alimo khumi ndi anayi tsopano. Iye amene ankaseka kuti amayi ake satha kuwerenga, akulembera mwezi ndi mwezi munthu mmodzi yekha amene wamutsalira padziko, ndipo munthuyo satha kuwerenga.